Kafukufuku wa Nkhanga pa Dambo la Nsalamwala

Nguluwe ndi Katumbu anakangana chifukwa cha dambo. Dambolo linali m'munsi mwa phiri la Nsalamwala, lodzaza bango ndi mlulu, ndipo nyama zonse zinkamwa pa kasupe wake. Chaka chimenecho kunagwa njala, choncho Nguluwe anafuna kuti pakumbidwe ngalande, madzi aphwe, nyama zilime madimba a mbatata ndi maungu. Katumbu anakana, koma atafunsidwa chifukwa chake anangoti, "Makolo athu analisiya chonchi."

"Makolowo ndi amene adyetse ana anga?" anafunsa Nguluwe, yemwe sankadziwa kudikira. "Chitukuko sichibwera ndi kuyang'ana bango."

Nyama zinaona kuti mkanganowo sungathe ndi phokoso. Zinasankha Nkhanga kuti achite kafukufuku, aone chimene dera lingapindule ndi chimene lingataye dambolo likaphwa. Nkhanga anali wakhama, woyenda osatopa, koma ankakonda kuyamikiridwa. Zinamupatsanso akatswiri awiri oti azimulangiza: Bilimankhwe, amene ankadziwa za zokolola ndi msika koma sankatsutsa munthu, ndi Nang'omba, nkhalamba imene inayenda madambo ambiri ndipo inkakonda kufunsa mafunso.

Nkhanga anagwira ntchitoyo m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Anazungulira dambo lonse, nafunsa aliyense amene anakumana naye: Nyani, Nungu, Gwape ndi mbewa za m'mauna. Onse anali ndi njala, ndipo onse anati madimba alimidwe. Atamaliza anapita kwa Bilimankhwe kukafotokoza zimene anapeza.

"Mayi Nkhanga, ntchito yotere sindinaionepo," anatero Bilimankhwe. "Dothi lakuda limenelo lidzabereka mbatata zokwanira kudya, zina n'kusinthanitsa ndi nyama za kuseri kwa phiri. Palibe choonjezera. Kalankhuleni."

Nkhanga anachoka nthenga zili nyankhalala ndi chimwemwe, nakapeza Nang'omba akutola ziwala pa lupsa. Nkhalambayo inamvetsera zonse osadula mawu. Kenaka inafunsa, "Nanga achule anati chiyani?"

"Achule sindinawapeze, agogo."

"Simungawapeze. Ali pansi pa matope, akugona mpaka mvula igwe. Nanga milamba? Nanga akakowa amene amabwera m'dzinja?"

"Iwonso kunalibe."

"Madzi a pa kasupe uja amachokera kuti?"

Funsolo linali lisanamufikepo Nkhanga m'mutu.

"Mayi, mwafunsa okhawo amene adzadye mbatata," anatero Nang'omba. "Amene adzataye nyumba simunawafunse, ndipo dambo mwaliona nyengo imodzi yokha. Ine madimba sindikuwakana, njala ndaiona ndi maso angawa. Koma auzeni ayambe alima kachigawo kakang'ono m'mphepete, inu mudikire mvula, muone mmene madzi amayendera."

Mawuwa anamuwawa Nkhanga. Anaganiza za mapazi ake ong'ambika ndi kuyenda, nati mumtima nkhalambayi ili ndi nsanje. Tsiku la msonkhano anaimirira pa chulu n'kunena kuti, "Aliyense amene ndinamufunsa wavomera madimba." Sananame, koma za achule ndi za kasupe sanatchule.

Nang'omba anapempha mpata, nabwereza malangizo ake pamaso pa onse. Bilimankhwe anagwedeza mutu kuvomereza. Koma Nguluwe anakalipa nati, "Inu a Nang'omba mumadya njoka ndi ziwala, njala ya mbatata mungaidziwe bwanji?" Bilimankhwe anagwedezanso mutu kuvomereza Nguluwe, ndipo nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake Nguluwe ndi abale ake anayamba kukumba. Anazula bango kumunsi konse kwa dambo, natsegula ngalande yakuya yolowera kumtsinje. Achule ambiri anafukulidwa ali m'tulo n'kuuma ndi dzuwa, otsalawo anathawira kumtunda. Katumbu anasonkhanitsa banja lake nasamuka osatsanzika.

Zokolola zoyamba zinali zambiri monga ananenera Bilimankhwe. Nyama zinadya n'kukhuta, ana a Nguluwe ananenepa, ndipo Nkhanga ankati akamadutsa onse ankamuombera m'manja. Nang'omba naye analandira gawo lake la maungu n'kuthokoza.

Dzinja litafika, mvula inagwa yamphamvu. Kale bango linkagwira madziwo kuti alowe pansi pang'onopang'ono, koma tsopano anathamanga mu ngalande atasenza dothi lakuda lija. Mbatata zachiwiri zitaphuka, mbozi zinagwa m'madimba, ndipo panalibe achule oti azidye. Masamba anatha, kunangotsala mitsitsi yowonda ngati zala.

Chilimwe chisanafike pakati, kasupe anauma. Nyama zinayamba kuyenda mtunda wautali kupita kumtsinje, kudutsa m'thengo lopanda mthunzi. Nkhanga anali ndi anapiye nthawi imeneyo, ndipo ena mwa iwo anafera m'njira ndi ludzu. Anawakwirira ndi masamba ouma, napitiriza ulendo ndi otsalawo.

Nguluwe anaitanitsa msonkhano wina. "Kumtunda kwa dambo kudakali chinyontho," anatero. "Tikumbe kumeneko, tisachedwe." Nyama zinatembenukira kwa Bilimankhwe, iye anayang'ana Nguluwe ndi diso limodzi, khamu ndi diso linalo, nati, "Onse mukunena zoona."

Nkhanga anapempha kuti adikire, napita kwa Nang'omba. "Agogo, ana anga afa ndi ludzu," anatero. "Ndiuzeni yankho, ndikawauze anthu."

"Pepani ndi maliro, mayi," anayankha Nang'omba. "Yankho ndilibe, ndikanakhala nalo sakanakutumani inu. Chimene ndingathe ndi kukuuzani koyang'ana. Mvula ikagwa tsatirani madzi kuyambira paphiri mpaka kumtsinje, mufunse achule ndi milamba, ndipo a Nguluwe musawasiye, chifukwa njala yawo ndi yeniyeni."

Nkhanga anabwerera kumsonkhano nanena poyera kuti kafukufuku wake woyamba anali wopereŵera, natchula amene sanawafunse. Nguluwe anadandaula kwambiri, koma nyama zinali zitatopa ndi ulendo wa kumtsinje, ndipo zinagwirizana kuti kumtunda kusakhudzidwe kufikira mvula itadutsa. Miyezi imeneyo inali yowawa. Nyama zinadya mizu ndi zipatso za m'thengo, ndipo palibe amene anamuombera Nkhanga m'manja.

Dzinja lonse Nkhanga anayenda m'matope. Anaona madzi akuima pakati pa bango la kumtunda n'kumalowa pansi, pamene kumunsi ankangodutsa. Achule anamuuza kuchuluka kwa mbozi zimene amadya, ndipo Nguluwe anamusonyeza malo a m'mphepete amene mbatata zimachita bwino popanda ngalande. Akabwera ndi nkhani, Nang'omba ankafunsa kuti, "Mwaona nokha, kapena mwangomva?" Kawirikawiri Nkhanga ankabwereranso kukaonetsetsa.

Pamsonkhano wotsiriza Nkhanga anafotokoza zonse, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe. Anati madimba akhale m'mphepete mokha, bango la pakati lisiyidwe, ndipo ngalande itsekedwe ndi miyala. Ananenanso mosabisa kuti mbatata zidzachepa poyerekeza ndi chaka choyamba chija. Nguluwe anang'ung'udza, komabe ndi iye amene anagubuduza mwala woyamba.

Kasupe anayambanso kutuluka, ngakhale madzi ake sanafike pamene ankafika kale. Madimba a m'mphepete anadyetsa nyama chaka ndi chaka, osati mokhutitsa, koma njala yakupha sinabwerenso. Bilimankhwe sanafunsidwenso nzeru ndi aliyense. Kumunsi kwa dambo kuja bango linakana kumera, ndipo panatsala chigwembe chouma chimene ana a nyama ankachilambalala popita kukamwa madzi.

Phunziro: Mlangizi wabwino si amene amakuyamikira, koma amene amakufunsa za anthu amene sunawafunse ndi malo amene sunawaone. Ofuna chitukuko aŵerengere zimene apindule pamodzi ndi zimene chilengedwe chitaye, asanagwire khasu. Wakutsina khutu ndi mnansi.