Yaro Woyankhira Dzina la Finale

Pa koleji ina, ophunzira a chaka choyamba amawatcha mayaro, a chaka chomaliza mafinale. Lufeyo anali finale, ndipo ndiye anapatsidwa ntchito yolangiza mayaro. Langizo lake linali limodzi: "Kuno si kusekondale. Aphunzitsi akafuna wodzipereka, mkono m'mwamba msanga!"

Tsiku lina anapanikiza Tsanzo, yaro wamfupi, pakhomo la kafeteriya.

"Iwe yaro, mawa ine ndigona. Ukalowe m'kalasi mwathu. Akaitana dzina langa, ukayankhe kuti ndilipo. Ukakana, matiresi ako agona pamvula."

"Ndamva, akulu," anatero Tsanzo.

Kalasiyo inali ya chinamtindi cha anthu, moti mphunzitsi wake, Dokotala Mphepo, sankadziwa nkhope. M'mawa mwake dzina la Lufeyo litaitanidwa, Tsanzo anakuwa, "Ndilipo!" Pomaliza adokotala anafunsa, "Ndani adzaime kutsogolo kuno Lachinayi kutifotokozera mutu wonsewu?"

Mkono wa Tsanzo unali kale m'mwamba. "Ine Lufeyo!"

Anzake a Lufeyo anangobisa phwete, osamutsina khutu.

Lachinayi Lufeyo analowa akuimba likhweru.

"A Lufeyo, bwalo ndi lanu," anatero adokotala.

Anaimirira kukamwa kuli yasa. Kunena kuti sanali iye kukanakhala kudziulula yekha kuti anajomba. Adokotala anavula magalasi, namuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Dzana munali wamfupi, a Lufeyo. Chakutalikitsani chonchi n'chiyani?"

Pazenera panamveka mawu a Tsanzo: "Nyemba za kukafeteriya, adokotala! Afunseni za mutuwo, mwina nzeru nazo zatalika."