Manambala a Kuseri kwa Apongozi

Zuze, wantchito wa m'nyumba, atawina wailesi pa lotale, bwana wake a Nkhwazi anamukokera pambali. Iwowa anali mkulu wa mpingo, odana ndi juga pa guwa pokha.

"Undiuze manambala, apo ayi ntchito yatha lero."

"Amandinong'oneza ndi apongozi anuwo," anatero Zuze, akuloza chithunzi chakale chapenti pakhoma. "Koma mkamwini sayandikira apongozi. Ndiitane mwana wawo."

Bwana asanakane, adona anali atafika.

"Akuti muwatembenuze, mayi."

Atatembenuza, panagwa mulu wa matikiti oluza amene bwana ankabisa kuseriko.

"Chopereka chija n'chimenechi?" anafunsa adona.

Bwana anayang'ana apongozi. Iwo ankangomwetulira monga kale. Zuze anapita kukatenga tsache.