Kalaliki ndi Khasu la Kumanda

Panali munthu wina, kalaliki pa ofesi ya boma. Anzake atapuma pa ntchito, boma silinalembe ena. Akuluakulu anangoti otsalawo azigwira ndi Loweruka lomwe, pena ndi Lamulungu. Kalalikiyo sanawiringule, poti ankaopa kuchotsedwa ntchito.

Kumudzi kwawo sikunali kutali, kabaza ankafika. Koma uthenga wa maliro ukabwera, iye ankayang'ana mzere wa anthu pakhomo pa ofesi, n'kutuma mawu akuti, "Mukandipepesere, ntchito yandipanikiza." Anamwalira mnansi, anatuma mawu. Anamwalira mkulu amene anamuphunzitsa kuunga mizere, anatumanso mawu. Koma mawu sakumba manda.

Mayi ake, atayamba kudwaladwala, anamuuza kuti, "Mwanawe, imfa sindikuiopa ayi. Ndikuopa kuswera m'nyumba anthu atakhalira makasu. Adzandikumbira ndani ine?"

"Musadandaule amayi, mwezi wamawa zinthu zipepuka," anatero. Koma m'mawa mwake anapitanso kuntchito.

Mayi aja anamwalira mwezi wamawawo usanafike. Kalaliki atafika kumanda, anapeza adzukulu, anthu okumba manda aja, atakhala pamthunzi, makasu ali pansi. Palibe anamunyoza. Mmodzi anangomupatsa khasu nati, "Bambo, sitikukana. Koma yambani ndinu, tikudziweni nkhope."

Mwana sakumba manda a mayi ake, nonse mukudziwa. Iye anavula jekete, naikoleka pamtengo, nayamba kukumba. Nthaka inali gwa. Manja ozolowera cholembera anatuluka matuza. Dzuwa linkakwera, thupi la mayi ake likudikira m'nyumba.

Kenaka foni inalira m'thumba la jekete. Anadziwa kuti ndi abwana. Onse anamuyang'ana. Iye anaima pang'ono, n'kuweramanso kukumba mpaka foni inaleka yokha. Apo m'pamene amene anamupatsa khasu uja anadzuka nati, "Tulukamoni, achimwene. Kalireni mayi anu."

Abale anga, ine nkhawa ndili nayo, chifukwa ambiri muno Loweruka lathu linapita kale. Maliro n'kulirana. Inu ogawa ntchito, musamutenge munthu yense, musiyireniko mpata woti akaonekere kwawo. Nanunso antchito, dzifunseni lero lomwe: pa mpando wanu adzakhala wina maluwa asanafote pamanda panu, nanga khasu adzakunyamulirani ndani?