Kiyi wa Geti la Madzi

Senderani kuno, anthuni, mawu anga masiku ano safika patali. Inu a kumbuyoko, bwerani ndi mpando wanu womwewo.

Panali munthu wina amene ankasunga kiyi wa geti la madzi ku sikimu ya mpunga. Anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Lolemba madzi ankapita kwa a kumtunda, Lachitatu kwa a pakati, Lachisanu kwa a kumapeto kwa ngalande. Ndikumukumbuka bwino, chipewa cha mlaza kumutu, kiyi ali pa chingwe chofiira m'khosi. Palibe amene anamunenapo kuti wakondera.

Maondo atayamba kukana, alimi anati, "Sankhani nokha wolowa m'malo mwanu, ntchitoyi mumaidziwa ndinu."

Mkuluyo anali ndi ana awiri a mlongo wake, Dafuleni ndi Witimani, onse abambo a pabanja. Anafuna kudziwa kuti wokhwima maganizo ndani. Anawaitanira pa geti pomwepo, dzuwa lili paliwombo, nawafunsa funso limodzi.

"Tinene kuti lero ndi Lolemba. Wabwera munthu wa kumapeto, akulira kuti mpunga wake ukupsa, sufika Lachisanu. Mumutsekulira?"

Dafuleni sanachedwe. "Ayi, malume. Tsiku lake si limeneli."

Witimani anayang'ana pamadzi. Anakanda m'mutu. Kenako anati, "Kaya, malume. Ndingayambe ndapita kukauona mpungawo. Ngati ukufadi, ndingakapemphe eni tsikulo kuti amugawireko. Akakana, apo ndiye sindikudziwa."

"Iwe, madzi sadikira munthu woti akakande kaye m'mutu," anatero mkulu uja akuseka.

Anavula chingwe chija namuveka Dafuleni. Sanafunse aliyense mwa awiriwo chifukwa chimene wayankhira motero. Witimani sanadandaule. Mvula itatha anapita kukagwira ntchito ku minda ya tiyi, nakhazikika komweko.

Chaka choyamba zonse zinayenda bwino, pakuti mkuluyo ankabwerabe ndi ndodo yake kudzakhala pambali pa geti. Chaka chachiwiri miyendo inakaniratu, ankangokhala pakhonde. Ndi chaka chimene mtsinje unaphwa msanga, madzi osakwanira onse. Tsono anthu a kumtunda anali a mawu akuluakulu, ena a m'komiti, wina mwini chigayo. Ankabwera Lachisanu n'kukalipa kuti, "Tatsekulira kuno, iwe!" Dafuleni ankatsekula, ndipo madzi ankathera komweko. Kumapeto kunali amayi amasiye ndi nkhalamba, anthu osadziwa kukalipa. Mpunga wawo unauma utangoyamba kutulutsa ngala. Mabanja khumi ndi anayi sanakolole ngakhale lichero limodzi.

Mkulu uja atamva, anaitanitsa Dafuleni.

"Tsiku lija unandiyankha bwino, iwe. Unati ayi. Tandiuza, unkakaniranji?"

Dafuleni anadabwa nalo funsolo. "Nanga si inu munali pomwepo, malume? Ndikanati inde, mukanandikalipira."

 Apa m'pamene mkuluyo anazindikira kuti madzi a anthu anawapereka kwa munthu wandevu amene mumtima anali akadali mwana woopa kukalipiridwa. Wokalipa atasintha, nayenso anasintha. Koma Witimani, uja ankaganizira wolira ndi mwini tsiku onse pamodzi, ndi amene iye anamuyesa wosakhwima.

Anatumiza uthenga ku minda ya tiyi kuja woti Witimani abwerere adzatenge kiyi. Witimani anayankha mwaulemu kuti ana ake anayamba sukulu kumeneko, sangabwererenso.

Tsono inu olera ana, ndi inu amene mumasankha anthu pa maudindo kumpingo ndi kumagulu, yankho labwino lokha lisakukhutitseni. Anthu awiri akhoza kunena ayi mmodzimodzi, wina chifukwa akuopa inu, wina chifukwa akuganizira mnzake. Funsaninso kuti, "Chifukwa chiyani?" Ndipo mudikire, ngakhale munthuyo achedwe kuyankha, pakuti mwina akuchedwa powerenga anthu onse amene nkhaniyo iwakhudze. Mkulu uja anali wolungama, ine sindimunyoza ayi. Anangofulumira tsiku limodzi lokha, ndipo mpaka imfa yake sanalolenso kuti amudutsitse njira ya kumapeto kwa ngalande.

Mukafika kwanu, chonde, kawafotokozereniko anzathu amene sanabwere lero.