Shawelo ya Tionge

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, ku Chilomoni kunali mtsikana wosayankhulayankhula dzina lake Esinati. Tsiku lina atalowetsa ulusi wofiira pa singano, anaona kuti chala chake chafiirira pang'ono. Anachiyang'ana, n'kuchipukutira pa chitenje, osauza munthu.

Esinati anali atamaliza maphunziro a zosokasoka, koma ntchito sinkapezeka. Choncho anaganiza zoyamba kusoka maluwa ndi mayina pa nsalu pakhomo pomwepo, ndipo abale ake atatu anadzipereka kumupezera zipangizo.

Mlongo wake Limbikani, woyendetsa lole, anati makina agula ndiye. Esinati ankafuna opalasa ndi mapazi. "Iwe, upalase tsiku lonse ngati wakabaza?" anaseka Limbikani. "Mchemwali wanga asachite thukuta ine ndilipo." Anabwera ndi makina a magetsi ochokera ku Joni. Esinati anathokoza.

Azakhali ake, a Nangondo, anati ulusi aubweretsa ndiwo. Esinati anawalembera pa pepala mtundu wa ulusi wosasuluka. "Ulusi ndi ulusi, mwana wa achimwene," anatero azakhaliwo. "Wa m'sitolo umangonyada ndi pepala lokutira." Anakagula wonyezimira kumsika, wambiri ndithu. Esinati anathokoza.

Mayi ake, omwe maso awo anali atachita ng'ala, anamva kuti akufuna choko cha atelala cholembera pa nsalu. Anatsegula sutikesi n'kutulutsa pensulo yokhuthala ya malemu bambo ake, amene anali kalipentala. "Akanakhalapo akanakugulira zonse. Tenga iyi, dzanja lawo likhalepo." Akanakana bwanji?

Woyamba kubweretsa ntchito anali Mayi Nasibeko a kuseri kwa tchalitchi. Mwana wawo wakhanda, Tionge, anamwalira chaka chapitacho. Anabweretsa shawelo yoyera imene anamufunditsa potuluka naye kuchipatala atabadwa. Ankafuna Esinati asokepo dzina la mwanayo ndi maluwa ofiira, kuti adzafunditse chiliza Loweruka.

"Zovala zake zonse ndinagawa," anatero. "Yatsala ndi yokhayi."

Lolemba Esinati analemba zilembo ndi pensulo ija. Ankafuna ayambe wasoka pa kansanza n'kukachapa, aone ngati ulusi ungasuluke. Koma Lachiwiri magetsi anazima, osayakanso mpaka Lachisanu masana. Masiku onsewo akanatha kungoviika ulusiwo m'kapu ya madzi, koma azakhali ankakhala pakhonde tsiku lililonse akuutama, ndipo iye anachita nawo manyazi.

Magetsi atayaka, nthawi ya kansanza inali itatha. Anasoka mothamanga mpaka dzuwa kulowa. Makina anathina ulusi kwambiri moti kuusomola kukanang'amba nsalu. Dzina linaoneka bwino, koma mizere yakuda ya pensulo inkasuzumira m'mbali mwa zilembo. Anaifikisa ndi kansalu kouma, osachoka.

"Pensulo ya bambo siyofufutika, amayi," anatero motsitsa mawu, n'kukagona.

M'mawa mwake mayi ake anadzuka m'bandakucha. Anafunditsa madzi, anatenga sopo, n'kuchapa shawelo ija mwachikondi kuti mwana wawo asakachite manyazi. Anaiyanika pa chingwe.

Esinati atatuluka anapeza maluwa atakhetsa mtundu wake. Kufiira kunali kutayenderera kuchokera pa dzina la Tionge mpaka m'mphepete, ndipo timadontho tinkagwera pa dothi.

"Yayera, eti mwanawe?" anafunsa mayi ake, akumwetulira kumene kunali dzuwa.

Limbikani anavula chipewa. Azakhali anakhala pansi, maso ali pa zala za kumapazi. Kuseri kwa tchalitchi, abale a Mayi Nasibeko anali atayamba kale nyimbo. Esinati anaanula shawelo ili yonyowa, anaipinda kanayi, n'kuiika m'beseni. Anamanga chitenje, anaima pachipata.

Uthenga wotere munthu sapita nawo yekha. Pamafunika wina wokagwada naye ndi kuyamba kuyankhula. Tsono inu mwamva nkhaniyi, ndani atsagane naye? Mlongo amene makina ake anadya masiku anayi? Azakhali a ulusi wosuluka? Kapena mayi osaona aja, amene mpaka pano akuganiza kuti shawelo yayera? Nanga Esinati mwiniwake, amene anaona chala chake chafiira n'kukhala chete, ali ndi pakamwa poitanira aliyense wa iwo?