Muvi Wonama wa a Golden

Pakhomo pa a Golden ku Chileka munda weniweni unali galimoto yawo yakale. M'mawa uliwonse inkanyamula ana a sukulu ya mkaka, pamodzi ndi mwana wawo Chisoni. Makolo ankawapatsa ana pa chifukwa chimodzi: a Golden sathamanga.

Woyamba kuona vuto anali mkazi wawo, Stella. Popita kusikelo, khanda lili pamiyendo, maso ake sanachoke pa muvi wa sipidomita. Muviwo unkanjenjemera, kenako n'kutsika ngati wakomoka, chonsecho mitengo ikudutsa mothamanga.

"Bambo a Chisoni, muviwu ukunama."

"Inu munayendetsapo chiyani, kupatula wilibala?" Anamenya dashibodi ndi chibakera, muvi n'kudzuka. "Mwaona? Ndi ulesi chabe."

Stella sanawapatse mpata wopuma, mpaka Loweruka anatengana kupita ku Lirangwe, kugaraja ya a Majidu, amakaniko odziwa za mawaya.

"Muviwu umagwa nthawi yanji?" anafunsa a Majidu.

"Pa mabampu, komanso mvula ikagwa," anayankha Stella mwamuna wake asanayasamule.

"Ndiye musaunamizire muviwu, achimwene. Uwu umangonena zimene wauzidwa. Pa giyabokosi pali sensa yowerenga liwiro, uthenga wake umabwera pa waya. Ndilowe pansipo ndiyeze wayayo kaye."

"Muyeze chiyani?" anakalipa a Golden. "Galimoto iyi ndimaidziwa kuposa mkazi wangayu. Yafa ndi wotchi ya padashibodi. Zulani ya m'galimoto yakufa iyo muike apa."

Stella analowererapo. "Aloleni angoona pansipo. Mumanyamula ana a eni ake."

"Mayi, za kukhitchini ndimakulowererani?"

A Majidu anapukusa mutu, n'kusintha wotchiyo monga analamulira mwini galimoto. Pobwerera muvi unakwera bwinobwino, ndipo a Golden anaimba mluzu njira yonse kuti mkazi wawo amve.

Lolemba anadzuka mochedwa. Ana atadzaza, anaponda moto, maso ali pa wotchi yawo yatsopanoyo. Muvi unkati akuyenda pang'onopang'ono, iwo n'kumaonjezera. Bampu ya pafupi ndi msika anaizindikira galimoto ili kale m'malere. Itatera, kumbuyo kunali chimkuwo chokhachokha. Mwana wina anatupa chipumi, wina anabinya dzanja. Chisoni anamenyetsa kamwa pachitsulo cha mpando, mano awiri akutsogolo n'kuthyoka.

Dzuwa lisanapendeke, azimayi anali atadzaza pakhomo, nsalu atamanga m'chiuno.

"Ana athu si matumba a chimanga, a Golden!"

"Wanga ayende wapansi, bola afike ndi mutu wake!"

A Golden analumbira kuti muvi unkaloza pansi, koma panalibe wowamvera. Aliyense anakoka mwana wake n'kumapita.

Stella anatuluka m'nyumba atanyamula Chisoni, diresi ya sukulu ili magazi okhaokha. Anaima pamaso pa mwamuna wake.

"Muyang'aneni. Ayi, musayang'ane pansi, muyang'aneni mwanayu! Ine wa wilibala ndinaona. A Majidu anapempha kungolowa pansi, mukanataya chiyani? Mumati galimotoyo mumaidziwa kuposa ine. Pitani ikakuphikireni."

M'mawa mwake a Golden anabwerera ku Lirangwe, mutu uli pansi. A Majidu anayala katoni, n'kukwawira pansi pa galimoto. Posakhalitsa anatulukamo ndi waya wa sensa, makoswe atamudya mpaka kutsala timinyewa tiwiri, tomwe tinkagundana pena n'kulekana pena.

"Wotchi yanu yakale ija inali yamoyo," anatero, akulumikiza waya wina.

Muvi unasiya bodza tsiku lomwelo. Koma m'mawa uliwonse ana aja amadutsa pakhomopo ali pa kabaza, makolo awo osayang'anako n'komwe. Galimoto imangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikubisala dzuwa kunsi kwake. Chisoni akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo Stella akaona zimenezo amangolowa m'nyumba.

Paja akuluakulu anati, ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.