Tonde Wotchedwa Yotamu

Pa esiteti ya fodya ya a Yotamu chilichonse chinali Yotamu: chigayo, golosale, timu ya mpira, ngakhalenso ana asanu a matenanti. Nachisale, mkazi wa tenanti wina, atabereka mwana wamwamuna, bwanayo anatulukira.

"Ameneyunso ndi Yotamu. Mukakana, mupakire katundu."

Nachisale ankafuna dzina la malemu bambo ake, Malizani. Anagwada.

"Zikomo bwana. Koma dzina lanu ndi lolemera, khandali lingathyoke khosi. Tiyambe taliyesa pa tonde wathuyu."

A Yotamu anakondwa kumva kuti dzina lawo ndi lolemera, ndipo anavomera.

Lamlungu abusa anabwera kudzadya kwa bwana. Nachisale anamasula tonde uja, nayamba kukuwa kuseri kwa mpanda:

"Yotamu, kununkha iwe! Wayambanso kuthamangitsa akazi a eni? Mawa ndikuthena!"

Abusa anaika supuni pansi. Akazi a bwana anayang'ana amuna awo osaphethira.

A Yotamu anathamangira kumpanda, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, dzina langa lisamvekenso pakhomo panu!"

"Nanga mwana uja, bwana?"

"Ndati lisamvekenso!"

Patapita mwezi, abusa omwewo anabatiza Malizani.